Mlandu suwola

Makolo ponena kuti mlandu suwola ankalimbitsa mtima wa munthu wolakwiridwa: zaka zipite, bwalo lidzakhalabe, wolakwa adzalipa. Ku Namacula ndi m'madera ena a Lichinga, m'dziko la Mozambique, kuli okalamba amene anagwira mfuti pa nkhondo yomenyera ufulu ya 1964 mpaka 1974, mzindawu ukutchedwa Vila Cabral, ndiponso ena amene anamenya nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Kodi kwa iwo mwambiwu ukunena zoona?

Thupi limauvomereza. Asilikali a ku Iran amene anapuma mpweya wapoizoni wa mustard gas pa nkhondo ya 1980 mpaka 1988 ndi dziko la Iraq, ambiri akutsokomolabe, kubanika ndi kudwala maso. Anzawo a ku America amene anakhudzidwa ndi mankhwala opha mitengo a Agent Orange ku Vietnam anadikira mpaka 1991 kuti lamulo livomereze kuti khansa zina zinachokera kumeneko. M'mutu namo zimakhalitsa: maloto oopsa, kudzidzimuka, ukali wosadziwika chiyambi, mowa wofuna kuiwalira. Ngakhale Portugal, amene asilikali ake anaponya mabomba a napalm m'nkhalango za Mozambique, anakhazikitsa lamulo lozindikira matenda a maganizo a nkhondo m'chaka cha 1999.

Komatu mlandu umayenda ndi mboni, ndipo mboni zimawola. Mu Januwale 1992 asilikali a boma la Mozambique akuyandikira msasa wa gulu la Renamo, limene ankamenyana nalo, ku Ngungwe, kufupi ndi malire a South Africa, china chake chinaphulika m'mwamba. Asilikaliwo anamva kutentha koopsa, kukhosi kunauma, mitu inasokonezeka. Akatswiri a bungwe la United Nations anafika patapita milungu yambiri, nanena kuti zizindikirozo zikufanana ndi za poizoni, komanso zikufanana ndi za munthu wolefuka ndi dzuwa ndi ludzu. Nkhani inathera m'malere. Poizoni wotere sachedwa kuchoka m'magazi, chotsala ndi mawu a wodwala, ndipo mawu a msilikali wamba sawerengedwa kwenikweni pamaso pa akuluakulu. Kumudzi mlandu sunkawola chifukwa amfumu ndi nduna zawo ankausunga m'mutu, n'kuusiyira adzukulu. Masiku ano umasungidwa papepala, ndipo pepala losalembedwa silingaitanidwe kubwalo.

Palinso mbali ina imene sitiyenera kuipeputsa. Mozambique anasankha dala kuti milandu ya nkhondo igone. Mu 1992 panakhazikitsidwa lamulo lokhululukira onse, ndipo m'midzi yambiri obwera kunkhondo anasambitsidwa mankhwala kwa asing'anga kuti zakutchire zitsale kutchire. Anthu anayambanso kulima minda yoyandikana. Ndani angati analakwa?

Ine ndikuona kuti pali milandu iwiri imene timaisakaniza. Wina ndi wa amene anaponya bomba, ndipo umenewo mtundu ungathe kuukhululukira. Wina ndi ngongole ya dziko kwa amene anapuma utsiwo, ndipo imeneyi kukhululuka sikuifafaniza. Mkulu wa ku Namacula akapita kuchipatala ndi chifuwa cha zaka makumi atatu, kumuyeza TB n'kumupatsa mapiritsi sikukwanira. Namwino amufunse kumene anamenyera nkhondo, chimene chinagwa, ndi mmene amagonera usiku, kenako alembe yankholo m'buku lake lachipatala mwini wake akadali moyo.