Kodi Mdani Ndiye Moto?

Pali nyamakazi ina, dzina lace gout, imene imgwira munthu usiku pa cala cacikuru ca kuphazi. Calaco citupa ndi kufiira, ndipo ngakhale nsaru yofunda imlasa ngati minga. Tsono ena aphunzitsa kuti wodwalayo aleke zophika zonse, adye zaziwisi zokha, kuti acire. Kodi nzoona?

M'caka ca 1848 sing'anga wa ku London, Alfred Garrod, anapeza kuti m'mwazi wa odwala otere mucuruka cinthu cina, uric acid. Impso zikalephera kucitaya, ciundana m'mfundo ngati timasingano. Zocicurukitsa ndizo mowa, ciwindi, nyama yambiri ndi zakumwa za shuga, si moto ai. Wodya zaziwisi akapezako bwino, ncifukwa cakuti waleka izi. Koma nyemba zosaphika zidwalitsa, ndipo cinangwa cowawa cosaviika cipha.

Abale, kudziletsa ndi ukoma, koma tikhoza kukusandutsa kunyada. Nkwapafupi kudziikira lamulo lalikuru loti anthu atitame nalo. Cobvuta ndico kukana nthuli yaciwiri paukwati, popanda wotiona. Ndiponso nthendayi itsata mtundu, nigwira ngakhale osamwa ndi osasusuka. Cifukwa cace tisamloze cala mbale wotsimphina. Timperekeze ku cipatala, kumene kuli mankhwala ocepetsa cinthuco m'mwazi, monga allopurinol.

Iye amene anatipatsa ndiwo za m'dimba anatipatsanso moto ndi nzeru ya sing'anga. Tilandire zonsezi ndi ciyamiko, tidye ndi muyeso.