Tsoka ndi Mlandu

Abale, bwato likamira ndi mwera, ife a kunyanja kuno sitichedwa kufunsana kuti, Wachita ichi ndani? Makolo athu ankamwetsana mwabvi; ife tiloza chala nkhalamba ya m'mudzi, koma mtima ndi womwewo.

Tsono pano pa Nkhotakota tili nawo manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja yomweyi m'chaka cha 1895, atangodzozedwa kumene. Kodi iyeyo anamlodza ndani? Kapena Mulungu anampeza ndi mlandu wanji? Ambuye wathu anakana maganizo otere, ponena za anthu 18 aja inawagwera nsanja ya ku Siloamu, ndiponso za munthu uja anabadwa wakhungu; pakuti tsoka si chiweruzo ayi.

Mlandu ulipo ndithu, koma ukhala pena. Mwini bwato amene adziwa kuti labooka, natumabe nalo anyamata ku usipa usiku, ameneyo ndiye wochimwa. Ndipo pa maliro, monga Adamu m'munda muja, ndiye ayamba kutchula dzina la mkazi.