Kodi Kunenerera Mtengo wa Galimoto Ndi Tchimo?

Munthu amene wasunga ndalama zaka zisanu, pofika pa bwalo la ogulitsa magalimoto ku Limbe kapena ku Lilongwe, mtima wake uli pa kutsitsa mtengo. Wogulitsa naye mtima wake uli pa kukweza. Tsono Mkhristu aime pati?

Kunenerera pakokha si tchimo ayi. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti mtengo wolungama sungapimidwe mpaka pa tambala, pakuti umadalira kuyesa kwa anthu, ndipo kuonjeza kapena kuchotsa pang'ono sikuononga chilungamo. Choncho wogula afunse mitengo m'mabwalo angapo, abwere ndi makaniko wake, atchule mtengo wochepa, ndipo akakanidwa achoke mwaulemu. Pamenepo palibe choulula kwa wansembe.

Tchimo limalowa pamene choonadi chabisidwa. Mphunzitsi yemweyo adapereka chitsanzo cha kavalo. Ngati kavalo ali ndi diso limodzi, chilema chili poyera, ndipo mwini wake sakakamizidwa kuchilengeza, malinga atsitse mtengo. Koma wogulitsa kavalo wotsimphina ngati waliwiro walakwa, ndipo ayenera kubweza. Akavalo athu lero ndiwo magalimoto ogwirapo kale ntchito ku Japan, amene ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam. Utoto wofwifwa aliyense auona. Koma makilomita obwezedwa m'mbuyo, mabuleki osagwira bwino, ngozi yakale yophimbidwa ndi penti, izi wogula sangazione, ndipo m'galimotomo mudzakwera ana ake. Wobisa zotere waphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri, mwinanso akuseweretsa lachisanu.

Komatu ambiri a ife, owerenga okondedwa, ndife ogula, ndipo timakonda kumva za machimo a ogulitsa okha. Buku la Miyambo, mutu 20, ndime 14, limadzudzula wogula amene amanyoza katundu pa msika, kenaka nakadzitama kunyumba. Kodi simudanenepo kuti kwina akupatsani mtengo wotsika, pamene simudapiteko n'komwe? Limenelo ndi bodza, ngakhale anthu amalitcha kuchenjera.

Pali mlandu wina wovuta koposa. Augustine Woyera adasimba za munthu amene adalipira mtengo woyenera wa buku, ngakhale wogulitsa, posadziwa, adatchula wochepa. Wamalonda wa pa bwalo amadziwa mitengo kuposa inu, ndipo sadzavomera kuluza. Ameneyo nenererani naye mosaopa. Koma mayi wamasiye wogulitsa galimoto ya malemu mwamuna wake kuti alipire fizi ya ana sadziwa mtengo wake, ndiponso sangathe kudikira. Akatchula theka la mtengo, inu mukudziwa, muwauze asanalandire ndalama zanu, kapena apite kaye kukafunsa makaniko amene iwo amamukhulupirira.