Denga la ku Green Bay

Mutu umodzi susenza denga. Ku Green Bay, ku Wisconsin, mwambiwu akuutsata kwenikweni. Timu yawo ya mu ligi ya mpira wa ku America ya NFL, Packers, inayamba mu 1919, koma posakhalitsa ngongole zinaifika m'khosi. Mu 1923 anthu a m'tauniyo anasonkherana pogula masheya, ndipo mpaka lero timuyo ilibe mwini mmodzi. Eni ake ndi oposa 500,000, chonsecho tauniyo ili ndi anthu ongopitirira 100,000. Chipale chofewa chikakwirira mipando ya m'bwalo lawo la Lambeau Field, ochemerera ankabwera kudzachikokolola ndi mafosholo.

Masheyawo sabala phindu, n'chifukwa chake ena amawanyoza kuti ndi pepala longopachika pakhoma. Anyoze. Matimu a mabwana olemera anathawa ku Oakland ndi ku St. Louis, koma Packers palibe angaisamutse yekha.