Chatsitsa Dzaye

Akuluakulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ife timangothamangira pa mnyanga wothyokawo. Bambo wachotsedwa ntchito kangapo chifukwa chochedwa ndi kutaya mapepala, timati ndi waulesi. Mayi amathawa phokoso la pachinkhoswe, sayang'ana anthu m'maso, ukamufunsa amayankha mosapsatira, timati ngwamwano. Za dzayelo palibe afunsa.

Susan Boyle wa ku Scotland, yemwe adadabwitsa dziko ndi mawu ake pa Britain's Got Talent mu 2009, adakula akuuzidwa kuti ubongo wake udawonongeka pobadwa. Anzake kusukulu ankamunyoza kuti ndi wopepera. Atapitirira zaka 50 ndi pomwe katswiri adamuyeza n'kupeza kuti ali ndi autism, vuto lokhudza kumvana ndi anthu, ya mtundu umene pa nthawiyo ankautcha Asperger, ndipo kuti nzeru zake n'zoposa za anthu ambiri. Zaka zonsezo adasenza mlandu womusemera.

Kuchedwa kotereku kuli ndi gwero. Pamene Leo Kanner adalemba za autism mu 1943 ku Baltimore, adafotokoza za ana 11, atsikana atatu okha. Madokotala adazolowera kuifunafuna mwa tianyamata, ndipo ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, nayo ankaiona ngati ya mwana wosakhazikika m'kalasi. Mpaka 2013, buku la DSM limene madokotala a ku America amatsata silinkalola n'komwe kuti munthu mmodzi apezeke ndi zonse ziwiri. Tsono ana amene sadaonedwewo adakula, lero ena ali ndi zidzukulu.

Kuyeza munthu wamkulu si kwa magazi, ayi. Ndi kucheza kwa maola ambiri, nthawi zina masiku angapo. Oyeza amayesa kukumbukira, kutchera khutu, kukonza ntchito mwandondomeko. Amafufuzanso ngati chikumuvuta si nkhawa, kukhumudwa kapena kusowa tulo, poti izi zimatha kuoneka ngati ADHD. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene wakhala moyo wonse akubisa khalidwe lake sangalivundukule m'mphindi khumi pamaso pa mlendo wogwira cholembera.

Apa ndi pamene oyeza amasiyana. Wina amangoti, uyu akundiyang'ana m'maso, ali pabanja, ali pantchito, ndiye alibe autism. Woyeza wolemekeza munthu amafunsa kuti: kodi kuyang'ana m'masoko mudakuphunzira liti? Mukabwera ku msonkhano wa mpingo, mumatopa motani? Alipo amene amaloweza mawu a moni asanatuluke m'nyumba, amaseka pomwe anzawo aseka ngakhale nthabwala isanawafike, akafika kwawo n'kudzitsekera mumdima mutu uli wewewe. Ambiri mwa otere ndi amayi, chifukwa mwana wamkazi amalangidwa msanga akasiyana ndi anzake. Damian Milton wa ku Britain, yemwenso ali ndi autism, adanena mu 2012 kuti kusamvanaku kuli mbali zonse: iwo amavutika kutimvetsa, nafenso timavutika kuwamvetsa. N'chifukwa chake mawu a mwiniwake ayenera kulemera pa kuyezako. Mwini nyumba ndiye adziwa podontha.

Koma ndichenjeze: kulemekeza munthu si kumunyengerera. Ndimamva achinyamata akuti zonsezi ndi mphatso basi. Mphatso ilipo mwa ena, koma ngongole zoiwalika ndi maukwati ogwedezeka nazonso zilipo. Lipoti labwino limatchula zonse, kenako n'kunena chochita. ADHD ili ndi mankhwala monga methylphenidate amene amathandiza ambiri. Autism ilibe mankhwala, ndipo chofunika kawirikawiri n'chakuti abwana alembe malangizo papepala, kapena munthu apatsidwe malo opanda phokoso.

Gawo lovuta ndi la ubwana. Kuti anene kuti ndi ADHD, zizindikiro ziyenera kuti zidaoneka munthu asanakwane zaka 12, ndipo malipoti a kusukulu ambiri adadyedwa ndi chiswe. Otsala ndi mayi, azakhali kapena mkulu wake. Mukawafunsa kuti, "Amayi, kodi mwanayu anali ndi vuto?" adzakana ndithu, poti palibe kholo limafuna kuti mwana wake atchulidwe wamisala. Afunseni kuti ankasewera ndi ndani, ankadya chiyani, ankatani akatumidwa kuchigayo. Pamenepo gogo adzaseka, n'kuyamba kufotokoza za tsiku lija mwana adabwerera ndi chimanga chosagaya, ndalama atayiwala pomwe adaika.