Filimu Iyi Ndimuuze Ndani?

Tikakumana anthu okonda kanema, funso limakhala lalifupi: "Waonera chiyani masiku ano?" Yankho nalonso silitalika. "Pali ina ya chi Nigeria, ndi yabwino, ukaipeze." Kapena, "Imene ija usataye nayo nthawi, mwini filimu amafa." Timauzana choncho m'minibasi, kuntchito nthawi ya nkhomaliro, pa WhatsApp usiku tulo tikasowa. Zimaoneka ngati macheza wamba, koma ine ndafika poona kuti pouza munthu kuti akaonere filimu timakhala tanena zambiri, za filimuyo, za ifeyo, komanso za mmene timamudziwira amene tikumuuzayo.

Khalidwe lofotokozerana mafilimu lili ndi pochokera. Dziko lathu linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Ambiri a ife filimu tinaidziwira ku vidiyo sho, m'kachipinda kamdima kokhala ndi mabenchi, sipika ili panja kuitana anthu ndi kulira kwa mfuti. Si onse anali nayo ndalama yolowera. Amene walowa ankatuluka ndi udindo kwa anzake otsala panja: kuwafotokozera zonse, kuyambira pamene adani anaphera bambo a mwini filimu mpaka pamene iye anabwezera. Ankafotokoza ndi manja, ndi miyendo, kukuwa kwa Bruce Lee kukutuluka pakamwa pake. N'chifukwa chake ife sitiopa kwenikweni kuuzidwa mathero. Tinakula tikudziwa filimu tisanaione, ndipo tikadzaiona tinkakondwa kuti mnzathu sananame. Kenako kunabwera Aki ndi Pawpaw, kunabwera Osuofia wa Nkem Owoh akupita ku London kukatenga chuma cha mbale wake womwalira, kunabweranso anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amalankhulira anthu onse a m'filimu ndi pakamwa pamodzi. Pa njira yonseyi, pakati pa filimu ndi woonera pamakhala munthu wina, wonena kuti iyi ndi yotere.

Masiku ano munthu ameneyo ndi aliyense wa ife, ndipo mawu ake ali ndi mtengo. Ndikauza mnzanga kuti akaonere filimu, ndamutuma kuti akagule bandulo, kapena apite ndi flashi yake kwa oika mafilimu pamsika, asunge moto m'foni, apeze maola awiri pamene ana agona. Kwa munthu wogwira ntchito tsiku lonse zimenezi si zochepa. Choncho mawu oti "ndi yabwino" sakwanira. Yabwino kwa ndani, pa nthawi iti ya moyo wake?

Funsoli linandigwira pamene ndinaoneranso posachedwa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata amene analeka sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, dayinamo ndi njinga ya bambo ake. Itangotuluka, mawu oyamba amene ankamveka paliponse anali oti, "Chichewa chake n'chopindika." Khutu la anthu silinalakwe. Chiwetel Ejiofor, amene anaitsogolera ndi kusewera ngati bambo a William, ndi wa ku Britain wa makolo ochokera ku Nigeria. Maxwell Simba, amene ndi William m'filimuyi, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi a William, anakulira ku France. Akamalankhula Lily Banda, yemwe ndi wathu, m'pamene umamva kusiyana kwake. Ndi zoona kuti Malawi ali nawo anthu amene akanalankhula mawu amenewo bwino, ndipo dandaulo limenelo ndi loyenera kulinena.

Komabe tikathera pomwepo, mnzathu tamubisira filimu. Tamubisira banja limene likugwirizana zodya kamodzi pa tsiku, ndi nkhope ya bambo amene akulephera kuyang'ana ana ake. Tamubisira chipwirikiti cha pamalo ogulitsira chimanga cha boma, mfumu yomenyedwa chifukwa chonena zoona pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko, mtsikana wothawa ndi mphunzitsi kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi, ndi Khamba, galu wa William. Ndikamauza munthu za filimuyi ndimanenanso kuti opanga anasintha zina: makina oyamba a William, amene anawapanga ali ndi zaka 14, anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba mwawo, ndipo zopopa madzi zinabwera pambuyo. M'filimu anazisonkhanitsa kuti mphepo ibweretse madzi kumunda ndi kupulumutsa mudzi. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma woonera ayenera kudziwa kuti njala ija sinathe ndi makina a mnyamata mmodzi.

Ana a mlongo wanga, amene anabadwa njalayo itadutsa, ndimawauza mosazengereza kuti aionere. Kwa iwo nkhani ya anthu odya gaga ndi mizu ya nthochi imamveka ngati nthano za agogo, ndipo filimu imawapatsa maso oonera zimene makolo awo safuna kufotokoza. Koma alipo amayi ena a kutchalitchi kwathu amene anaika mwana m'manda chaka chimenecho. Iwo sindingawauze ndi mawu omwewo. Ndingawauze kuti filimu ilipo, ndi zimene zili m'katimo, kenako n'kukhala chete kuti asankhe okha. Filimu ndi imodzi, koma anthu awiriwa sakupita kukaonera chinthu chimodzi.

Pa mafilimu opangidwa ndi anthu athu pali vuto lina, la ulemu umene umatha kusanduka bodza. Timati "tiyeni tisapote zathu", ndipo chilichonse chimene chatuluka timachiombera m'manja pagulu, n'kukachinyoza kuseri. Ine ndimakonda ntchito ya Shemu Joyah: Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ya asodzi a kunyanja ndi alendo odzaona malo, ndi The Road to Sunrise ya 2017, nkhani ya Rubia ndi Watipa, amayi oyendayenda a mumzinda wa Blantyre, yomwe inakhala filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anabwera ndi mphoto kuchokera ku Lagos mu 2016 chifukwa cha filimu yake ya Lilongwe. Fatsani ya Gift Sukez Sukali inaika pakati mwana wamkazi wogulitsa malonda m'misewu. Anthu amenewa amagwira ntchito ndi ndalama zochepa, m'dziko losowa nyumba zoonetseramo kanema, mmene filimu ikatuluka lero mawa ili kale m'mafoni a anthu osalipira. Chifukwa cha kuvutika kumeneko ndiye akuyenera kuuzidwa zoona. Mafilimu athu ambiri ali ndi mawu osamveka bwino, ali ndi zokambirana zazitali za m'Chingerezi zomveka ngati zowerengedwa papepala, pamalo pamene munthu wopsa mtima akanalankhula chiyankhulo chake. Ndikauza mnzanga zimenezi pamodzi ndi zimene zinandikhudza, amapita akudziwa chimene akukapeza, ndipo akabwerako amandikhulupirirabe ndikadzamuuza za ina.

Zonsezi ndi zopepuka poyerekeza ndi filimu imene yandisowetsa mtendere masiku ano. Ndi ya ku Zambia, dzina lake On Becoming a Guinea Fowl, ya 2024. Anaipanga ndi Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, yemwe uja anapanga I Am Not a Witch mu 2017. Ku Cannes anamupatsa mphoto ya wotsogolera filimu bwino m'gawo la Un Certain Regard, koma zimene zinandigwira ine zilibe chochita ndi mphoto.

Shula akuchokera ku phwando usiku, akuyendetsa galimoto yekha, ndipo akupeza mtembo pamsewu. Ndi amalume ake, a Fred. Salira. Akuimbira foni bambo ake, akudikira apolisi, msuweni wake Nsansa akufika ataledzera, akuseka ndi kutukwana. Kenako maliro akuyamba, ndipo aliyense wobadwira kuno akudziwa zimene akuona. Matilesi pansi, nyumba yodzaza amayi, olira akulowa chokwawa, atsikana ali kukhitchini usana ndi usiku, abambo ali panja kudikira mbale. Azakhali akufunsa chifukwa chake Shula maso ake ndi ouma. Pang'onopang'ono zikudziwika kuti malemuwo ankagwiririra ana aakazi a m'banja lake lomwe: Shula, Nsansa, ndi Bupe wamng'ono amene ali kukoleji. Zikudziwikanso kuti akuluakulu ankadziwa. Ndipo m'malo moti mlandu ugwere wolakwa, banja lonse likuutembenuzira kwa namfedwa, mtsikana wamng'ono kwambiri wokhala ndi ana angapo, kuti sankasamala mwamuna wake, ndi kuti katundu achoke m'manja mwake.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti munthuyo ndi malume. Ababemba, monga ife Achewa, amatsata mtundu kuchikazi. Malume ndiye mwini mbumba, ndiye amene timathamangirako zikavuta, ndiye nkhoswe pa ukwati, ndiye woyankhula pa maliro. Filimuyi ikufunsa kuti mwana athawire kuti ngati amene amuopseza ndi yemweyo amene mwambo unamuika kuti amuteteze. Sikunyoza mwambo. Amayi a m'filimuyi amakondana, amaimba pamodzi, amagona mothinana, ndipo pamene azakhali akusonkhana ndi atsikanawo m'kachipinda kosungiramo zakudya n'kuwauza kuti amawakonda, chikondicho ndi chenicheni. Koma ndi chikondi chimene chikupempha kuti nkhani ithere m'kachipindamo, kuti pamanda pakanenedwe zabwino zokhazokha. Nkhanga ya pa dzina la filimu ndi mbalame imene ikaona chilombo imalira kuti zinzake zidziwe. Shula ali mwana anaiona pa pulogalamu ya ana pa kanema, ndipo filimu yonse ndi ulendo wake wofika pokhala wolira chotero. Mathero ake sindinena, ngakhale kuti ife tinazolowera kuuzana.

Kuno ku Malawi malamulo tili nawo. Kulanda katundu wa namfedwa ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Koma lamulo silikhala nawo pa siwa usiku, pamene akuluakulu akugwirizana zoti zinenedwe ndi zoti zisanenedwe. Kumeneko kumafika anthu okhaokha a m'banja, ndipo filimu ngati iyi ikhoza kufikako pokhapokha wina wa m'banjamo ataitenga.

Ndiye ndimuuze ndani? Kuilemba pagulu la WhatsApp la banja lathu kuti "onerani iyi" kungakhale kuponya mwala m'khamu. Sindidziwa amene ungamugwere. Pakati pa alongo ndi asuweni anga akhoza kukhalapo amene anasenza katundu wotere osauza munthu, ndipo si bwino kuti akumane naye mwadzidzidzi ali yekha usiku ndi foni m'manja. Msuweni wanga mmodzi, amene timamasukirana, ndinamuuza pamaso. Ndinati, "Msuweni, pali filimu ya maliro. Ndi yokongola, penapake imaseketsa, koma ikunena za malume wogwiririra ana. Ukafuna tidzaonere limodzi, ukapanda kufuna palibe kanthu." Anakhala kaye chete, kenako anati aganiza. Patapita masiku anabwera yekha kudzaionera.

Amene ndikulakalaka kwambiri kuti aione ndi abambo, amene amakhala pansi pa tenti kudikira kuti atsikana abweretse madzi osamba m'manja. Mchimwene wanga ndinamuuza mosabisa kuti aionere chifukwa tsiku lina adzakhala iye mwini mbumba, ndipo mwana wina adzabwera kwa iye ndi nkhani imene aliyense adzafuna kuti ikwiriridwe. Sanakondwe ndi mmene ndinanenera, koma anatenga flashi.

Otsala ndi azakhali athu, amene ndiwo amayendetsa maliro onse a pabanja pathu, amene amadziwa woyenera kulira poyamba ndi wogona pafupi ndi bokosi. Ndimawakonda, ndipo ndikudziwa kuti zambiri zimene anazisunga mumtima anazisunga pokhulupirira kuti akuteteza banja. Filimuyi ili m'Chibemba ndi Chingerezi, ndipo iwo sawerenga mawu othamanga a pansi pa kanema. Kuti aionere, ndiyenera kukhala pambali pawo n'kumamasulira, monga amachitira anyamata omasulira mafilimu aja. Mawu a Bupe ofotokoza zimene amalume anamuchita adzatuluka pakamwa panga, m'Chichewa, m'nyumba mwawo. Mawu a azakhali a m'filimu opempha kuti nkhani ithe adzatulukanso pakamwa panga, iwo akumva. Ndekha sindingathe. Ndapempha msuweni uja kuti tidzapite awiri pa tchuthi chikubwerachi, ndipo tagwirizana kuti tidzayambe tawauza zimene filimuyo ikunena, kuti akakana tidzawalemekeze n'kuisiya.