Mlandu Wopanda Wopalamula

Amalume anga, amene kwathu ku Rumphi timati asibweni, anamwalira ndi matenda a kaodzera. Munda wawo unali m'mphepete mwa nkhalango ya Vwaza, kumene ntchentche ya kashembe imaluma njati m'mawa, masana n'kudzaluma munthu. Pamaliro anthu ankanong'onezana dzina la mnansi wina amene adakangana nawo za malire a munda. Ine mwana wa pa yunivesite ndinakhala duu, koma mumtima ndinkawaseka. Nanga si ndidakaona ndi maso angawa kachirombo koyambitsa matendawa, Trypanosoma brucei rhodesiense, kakuphiriphitha m'dontho la magazi pa maikulosikopu?

Lero kuseka kuja kwandithera.

Kachiromboka ndi selo imodzi basi. Kalibe ubongo, kalibe maso. Kali ndi kamchira komata m'mbali mwa thupi lake, ndipo m'kamchiramo muli timachubu timene mapuloteni otchedwa dynein amatikankha kuti titsetserekane. Tikatero mchira umapindika, kachirombo n'kumayenda chopotoloka. Kwa kanthu kakang'ono chotere madzi sali monga tiwadziwira ife posambira mu South Rukuru. Edward Purcell adalongosola mu 1977 kuti kwa tizilombo totere madzi amakanirira ngati uchi: ukangoleka kupalasa, waima pomwepo. Ndiye mu 2007 Markus Engstler ndi anzake adaonetsa chinthu chimene chimandisowetsa tulo. Mapuloteni oteteza thupi lathu akamatirira pa chikopa cha kachiromboka, mkokomo wa madzi obwera ndi kusambira kwakeko umawakokolera kumbuyo, kumene kali ndi kathumba kowamezera. Kamadzisambitsa ndi ulendo wake womwe. Asibweni akadati n'kochenjera. Koma mulibe kuchenjera m'menemo, ndi madzi chabe kukoka chimene chatumphuka pamwamba.

Mpaka apa ndinkakondwa: wopalamula palibe, mnansi uja amunamizira. Vuto lidayamba nditatembenukira kwa ine mwini. M'mitsempha ya ubongo wanga muli puloteni ina, kinesin, imene idadziwika mu 1985. Imasenza katundu wa selo n'kumayenda pa timachubu tamtundu womwe uja, phazi lililonse mananomita 8, uku ikugundidwa mbali zonse ndi timadontho ta madzi, kugwedezeka kumene Robert Brown adakuona mu 1827 ndipo Einstein adakumasulira mu 1905. M'selo mulibe mfumu, mulibe nyakwawa wogawa ntchito, komabe katundu amafika. Tsono ngati kachirombo sikalakwa poti n'kuyenda kwa zinthu chabe, nanga ine amene ndinaseka anamfedwa, kuseka kwanga kudachokera kuti? Si m'kuyenda komwe kuja? Mnzanga wa filosofi amati ndikusokoneza njerwa ndi nyumba. Mwina. Koma sanandionetse mzere wa njerwa pamene mlandu umayambira, ndipo manyazi anga sadikira kuti aupeze.

Ndazindikiranso kuti abale anga sankafunsa funso limene ine ndinkayankha. Kuti kashembe amaluma amadziwa kuposa ine. Iwo ankafunsa chifukwa chake adaluma asibweni, tsiku limenelo, n'kusiya amuna anayi amene ankalima nawo. Fizikisi imati mwayi, ndipo mawu amenewo sungawanene kwa mkazi wamasiye atakhala pamphasa.

Komabe sindingalolere yankho lawo. Funso lozizira lija, lakuti selo imayenda bwanji ndipo imafa bwanji, ndi la mtundu womwe udabala mankhwala akumwa a fexinidazole, amene adayesedwa pa chipatala cha boma ku Rumphi ndipo bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidawavomereza mu Disembala 2023. Kale odwala kwambiri ankabayidwa melarsoprol, wokhala ndi poizoni wa arsenic, amene ankapha ena mwa iwo. Funso lotentha la abale anga labala chiyani? Mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi amene tsopano amakhala yekha kumapeto kwa benchi kutchalitchi.

Tchuthi chikubwerachi ndidzapita kukawalonjera bambowo kunyumba kwawo, masana, anthu akuona. Amayi andiletsa kale kawiri pa foni.